Dzanja la Atate Anu ndi Mlandu wa Mchele

Ana anga, atate anu akhala akukuuzani zaka zonsezi kuti ine ndine ndinayamba kuwafuna. Bodza lamkunkhuniza. Ndinali chete chifukwa ntchito inali kundipanikiza, koma tsopano boma linandipumitsa, magalasi ndili nawo, bolopeni ndili nayo, ndipo iwo ali pakhonde apo sangandilande bukuli, chifukwa pomwe adzati anyamuke pampando ine ndidzakhala nditafika kale kumsika. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva mpaka makutu kuwawa. Ndiyambila pa ntchito yanga yoyamba, kumene mphunzitsi wina wochokela ku Kasama anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha dzanja lake, ine n'kulowelela nkhani yosandikhudza. Awili mwa inu muli nalo dzanja limenelo, ndiye muwelenge mofatsa, osangothamangila kumapeto ngati mmene mumachitila ndi mameseji anga.

1987

Unesi ndinatsiliza ndili ndi zaka makumi awili ndi ziwili, woonda ngati bango, pakamwa pokha ndiye panali polemela. Kalata inanditumiza ku kiliniki ina cha ku Kaumbwe. Dzina lake sindilemba, ndipo maina a anthu ndasintha, chifukwa adzukulu awo akali moyo, ena timapemphela nawo. Ndinachoka pa boma la Petauke pa lole ya thonje yobwelela yopanda katundu, nditanyamula sutikesi, mbaula ndi nkhuku imene amai anandikakamiza. Kilinikiyo inali ya zipinda zitatu, bedi limodzi lobelekela, ndi filiji ya palafini yosungila katemela. Bwana wanga anali a Sakala, kiliniko ofisa. Anthu anali kuwatchula adokotala, iwo sanakanepo ngakhale tsiku limodzi. Ndisawanamizile, ntchito anali kuidziwa, malungo anali kuwaona munthu akali pansi pa mtengo wa mango panja. Vuto linali Lachisanu. Likafika, iwo ndi a Daka, ahedi a pasukulu yoyandikana nafe, anali kupita kukapha phala, ndiye kuti kachasu, kuseli kwa chigayo, ndipo chimene wina wanena kumeneko mnzake anali kuchiteteza mpaka Lolemba.

Inu a masiku ano simudziwa kusowa. Magolovesi tinali kuchapa n'kuyanika pa chingwe. Masingano a jekeseni tinali kuwilitsa mu poto. Sopo kulibe, shuga kulibe, mafuta ophikila kulibe, mchele nawo unali kusowa miyezi. Tikalandila mapaketi aja a mchele ndi shuga opatsa otsegula m'mimba, mudzi wonse unali kutsegula m'mimba tsiku lomwelo, pakamwa chabe. Munthu wonenepa bwino, maso owala, akuti, "Sisita, kuyambila dzulo sindinakhale pansi." Madzulo ukadutsa pakhomo pake, chibwabwa chikununkhila, paketi yako ili m'mphika.

M'mawa wina wozizila wa mwezi wa Juni kunabwela mnyamata wachilendo kudzatenga mapilitsi a malungo. Anati ndi a Mwamba, mphunzitsi watsopano. Thupi lake linali la munthu wokweza mabelo a thonje, mapewa uku, akatumba uku, koma maso ofatsa ngati a mwana wa ng'ombe. Anadikila pa benchi pafupifupi ola lathunthu. Nthawi yake itakwana ndinawapatsa dzanja monga mwa ulemu. Anagwila. Ndinati ndichotse, dzanja lili nganganga.

"Aphunzitsi, moni watha," ndinatelo.

"Awe mukwai, ndikusiya," iwo akutelo, thukuta lili kamukamu pamphumi, zala osasuntha.

"Siyani, nanga!"

"Ndikusiya, ba Sisita."

Odwala onse pa benchi anatembenuka. Ine wanu uyu, mtima unapsa. Ndinawaomba mbama ndi dzanja lamanzele, phaa! M'malo mosiya, munthu yense anauma gwa, n'kupendekeka, tonse awili khu! pa sikelo ya ana. Kenaka zala zinayamba kutseguka chimodzichimodzi, pang'onopang'ono. Anapepesa m'Chinyanja chothyokathyoka, ati dzanja lawo ndi mmene lilili chibadwile. Ndinati, "Inde, anyani amene mumadya kwanu ndi mmene amagwilila nthambi." Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba ndife pachimbuya, kutukwanana n'kwaulele. Iwo anati bola nyani ali ndi nyama, osati mbewa zathu zodya ndi ubweya womwe. Ndinawapatsa mapilitsi, osawapatsanso dzanja.

1988

Nyumba ya mphunzitsi watsopano inalibe khichini, ndiye a Mwamba anali kudya kwa ahedi, ophika ali amai Daka, mzimai wachete wosayang'ana munthu kumaso. Belu la pasukulupo linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa mtengo. Tsiku lina pa asembule wina anachimenya mwadzidzidzi kumbuyo kwa a Mwamba. Anati adzambatuke pampando, miyendo inauma, anagwa chamutu pamaso pa sukulu yonse. Patapita milungu iwili zinachitikanso. Ahedi, amene fungo la kachasu anali kulidziwa bwino kuposa tonsefe, anagamula kuti mphunzitsiyu amalawila mowa m'mawa.

Koma chimene chinaononga zinthu ndi china. Amai Daka anali atapita kwawo mwezi wathunthu kukadwazika amai awo. Lamulungu limene anabwela, potuluka m'tchalitchi, a Mwamba ndi ulemu wawo wa Chibemba anawapatsa dzanja. Basi. Amai akukoka, aphunzitsi akutsatila. Amai akubwelela chammbuyo, aphunzitsi akutsatila, mpingo wonse uli kakasi, ahedi ali potelopo ndi buku la nyimbo m'manja. Lolemba kalata inapita ku boma, yonena kuti mphunzitsiyu ndi chidakwa ndiponso wa maso pa akazi a eni. Yankho linabwela lakuti a Mvula, woyendela masukulu, adzafika kudzamva nkhaniyo pamaso pa makolo, ndipo ikakhala yoona mnyamatayo atenge katundu wake, uphunzitsi utele pomwepo.

Kutatsala masiku anai, a Sakala anandiitana mu ofesi. Pa tebulo panali pepala lolembalemba kale, lonena kuti tsiku limene a Mwamba anagwa kachiwili, anthu n'kubwela nawo ku kiliniki, anali kununkha mowa.

"Sainani apa, Sisita. Munalipo."

"Ndinalipo, bwana. Anali kununkha nshawa zokazinga."

"Mphuno yanu ikali yaing'ono pa ntchito. Sainani."

Ndinapempha kuti ndiganize. Sikuti ndinali kuwakonda, ayi, musamvele atate anu. Chinandivuta ndi chimene ndinaona ndi maso anga tsiku lija. Anadzuka pa bedi ali ouma, mapazi asanu oyamba akuyenda ngati miyendo njamatabwa, a chikhumi ali bwinoko, pofika pamsewu akuyenda mofulumila kuposa aphunzitsi anzawo amene anawapelekeza. Ndinali nditaona zidakwa zambili, koma chidakwa chimene mowa umachithela m'mapazi khumi ndinali ndisanachione.

Buku lalikulu pa kiliniki linali limodzi, la matenda a anthu akuluakulu, losiyidwa ndi dokotala wina wachizungu kalekale. Ntchito yake inali kuchilikiza mwendo wa filiji, chifukwa filiji ya palafini ikapendekeka siziziza. Masana, a Sakala atapita kukadya, ndinalisolola n'kuikapo njelwa. Chiswe chinali chitadya matenda a khungu onse ndi theka la a chiwindi, koma a minofu chinawasiya. Ndinafufuza masana awili, Chizungu chake cholimba ngati chimanga chokazinga, mpaka ndinawapeza a Mwamba pa tsamba lina, athunthu, ndi akatumba awo omwe.

Mvetselani apa, makamaka awili inu. Mchele umene timathila m'ndiwo ndi zinthu ziwili zogwilana, sodiyamu ndi kololaidi. Ukasungunuka m'thupi zimasiyana, chilichonse chitanyamula kamphamvu ka magetsi, ka kololaidi kotsutsana ndi ka sodiyamu. Mnofu unapangidwa ndi maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo pa khoma la selo lililonse pali timakomo. Ubongo ukatuma uthenga wakuti gwila, timakomo ta sodiyamu timatseguka, sodiyamu amathamangila m'kati, selo limadzidzimuka, mnofu n'kukungika. Tsono pafunika wobweza selolo mwakale, ndipo m'minofu wamkulu pa ntchito imeneyo ndi kololaidi, amene amalowa pa timakomo takeake n'kulikhazika mtima pansi. Zili ngati chitsulo chija cha pasukulu. Ukachimenya chimalilabe mpaka wina achigwile ndi dzanja, ndipo kololaidi ndiye dzanja logwila chitsulocho. Anthu ena amabadwa timakomo ta kololaidi tili tosatseguka bwino. Uthenga watha, mwini wake akufuna kusiya, koma selo likungodziyatsa lokha mobwelezabweleza. Zimakula munthu akakhala nthawi osasuntha kapena akadzidzimuka, ndipo zimachepa akaugwilitsa ntchito mnofuwo kangapo. Bukulo linanenanso kuti kutsidya kwa nyanja kuli mbuzi za matenda omwewo, ukaziombela m'manja zimagwa miyendo ili m'mwamba. Ndinaseka ndekha m'chipinda cha katemela mpaka misozi.

Ndinawatumila uthenga a Mwamba kuti abwele akaweluka. Dzanja langa sindinayese, ndinawapatsa mpini wa tsache. Koyamba anakanika kusiya mpaka ndinawelenga khumi ndi ziwili. Kachisanu ndinangofika pa zitatu. Kachikhumi anasiya ngati munthu wina aliyense. Ndinagogoda ndi sipuni pa mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, chalacho chinapindika chokha, pamnofupo n'kutsala kadzenje. Zonse monga mwa buku. Ndinawafotokozela zonse. Kenaka anati atate awo anali otelo, anawabweza ku upolisi tsiku loyamba la pelete, ndipo anamwalila anthu akuwatchula waulesi. Agogo awo aakazi nawonso, anthu ati anawalodza.

"Kansi chili ndi dzina, ba Sisita?" anandifunsa.

Chimunthu chonse chija chinali kulila pa benchi langa. Chisoni chinandigwila kwambili, ndipo poti sindinadziwe chochita ndinawauza za mbuzi zija. Bukulo linati kwinini amathandizako, koma kwinini wathu anali wowelengeka, wa ana a malungo aakulu, sitikanamuthela pa dzanja la moni.

M'mawa mwake ndinabweza pepala kwa a Sakala lopanda saini. Ndinayesa kuwaonetsa tsambalo, iwo anangofunsa kuti filiji yakhala pa chiani.

"Nesi sapeza matenda, Sisita. Nesi amapeleka zimene wauzidwa. Mukakatsegula pakamwa pa msonkhanopo, mudzaona kumene msewu umathela."

Mantha ndinali nawo, ndisabise. Ndinali ndisanatsimikizidwe pa ntchito, ndipo lipoti langa lolemba anali iwo omwewo. Amai anga anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo ndi nesi. Koma ndinaganiza za bambo uja anamwalila akutchedwa waulesi, ndinaona kuti ndikasaina, dzanja langa lidzandinyansa moyo wonse.

Tsiku la msonkhano

Tinakhala pansi pa mitengo ya mango ya pasukulu, abambo pa madesiki, azimai pa mphasa. A Mvula anali munthu wamfupi wa jekete lalikulu, wotopa ndi njinga yamoto. Ahedi analankhula ola lathunthu. A Sakala anati kwa iwo, monga adokotala, nkhaniyi ndi ya mowa. A Mwamba anakhala pa mpando pakati, manja ali pa maondo. A Mvula atafunsa ngati pali wina, ndinaimilila.

Apa ndiye ndinalakwa, ana anga. Ndinafuna kuti anthu amve msanga, ndiye m'malo moyamba ndi dzanja ndinayamba ndi sayansi. Ndinati, "Makolo anga, aphunzitsiwa si chidakwa. Nkhani yawo ndi ya mchele."

Anthu anayang'anana. Kenaka ku mphasa kunamveka, "Hii! Mchele?"

Ine mwana wa ku Petauke, wolangidwa bwinobwino ndi alangizi, ndinaiwala chimene mwana wamkazi aliyense amauzidwa, kuti mzimai amene wayenda njila zosayenela sathila mchele m'ndiwo, akathila amadula anthu a m'nyumba, mdulo. Ndinaiwalanso kuti ndiwo za a Mwamba wothila mchele anali yani. Maso onse anapita kwa amai Daka. Amai Daka anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulila.

Alangizi ena okalamba anaimilila ndi ndodo yawo. "Lomba mwanayu wanena zoona," anatelo. "Koma mchele wotelo sudula wochita naye. Umadula mwini nyumba."

Maso onse anachoka kwa amai n'kupita kwa ahedi. A Daka anali akutsokomola zaka khumi chifukwa cha choko ndi fodya wopichila, palibe amene anali kulabadila. Tsikulo anatsokomola kamodzi, khosu, anthu n'kuti, "Mwamva?" Anagwila pachifuwa. Anatsokomolanso. Nkhope inasintha.

"Ndadulidwa!" anakuwa ahedi. "A Sakala, ndipimeni! Andidula m'nyumba mwanga momwe!"

Phokoso linabuka. Ena ati mphunzitsi alipe mbuzi, ena ati aitane ankhoswe, bambo wina anali atayamba kale kufotokoza kumene kumapezeka mankhwala a mdulo. Ine ndikukuwa kuti, "Kololaidi! Timakomo ta m'maselo!" ngati wamisala pa msika. Ndinabwela kudzapulumutsa munthu mmodzi, tsopano ndinali nditamiza awili. A Mwamba anandiyang'ana ndi maso aja, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mtima ukandipsa m'pamene nzelu zimandibwelela. Ndinaona kuti mnyamatayo wakhala pa mpando maola awili osasuntha, ndiye kuti dzanja lapsa bwino. Ndinapita kwa a Mvula n'kugwada.

"Bwana, ndipempha chinthu chimodzi. Ahedi apatsane moni ndi aphunzitsi."

"Moni? Pa nthawi ino?"

"Moni chabe, bwana. Akatha, mundithamangitse."

A Mvula, amene anali kungofuna kuti phokoso lithe, analamula. A Daka anabwela monyinyilika n'kutambasula dzanja ngati akupatsa galu woluma. Ndinati, "Aphunzitsi, gwilani mwamphamvu, ngati mwakumana ndi m'bale wanu." Anagwila.

"Chabwino, siya," anatelo ahedi.

"Ndikusiya, mukwai."

"Ndati siya, iwe!"

Ahedi akukoka, aphunzitsi akutsatila. Ahedi akuzungulila desiki, aphunzitsi akutsatila. Ine ndikuwelenga mokweza, azimai n'kuyamba kuwelenga nane. Titafika pa khumi ndinafunsa, "Ahedi, kodi nanunso akukufunani?"

Kuseka kumene kunali pamenepo sindinakumvenso kwina. Bambo wina anagwa pa desiki. Alangizi aja anataya ndodo. Ngakhale chitenje cha amai Daka chinali kugwedezeka, ndipo sikunali kulila. Zala zitatseguka ndinauza a Mwamba kuti afumbate ndi kufumbatula kakhumi, kenaka apatse moni a Mvula. Anagwila, anasiya pomwepo. A Mvula anayang'ana dzanja lawo, anati abweleze. Anabweleza katatu. Pamenepo m'pamene ndinafotokoza bwino, kuyambila pa chitsulo cha belu chili pa mtengo apo, ndipo ndinanenetsa kawili kuti mchele wa m'mphika ulibe mlandu, wothila alibe mlandu, vuto ndi timakomo timene munthuyu anabadwa nato, ngati atate ake ndi agogo ake amene sanadyepo ndiwo za amai Daka.

A Mvula anati iwo si dokotala, mphunzitsi apite ku chipatala cha pa boma akabwele ndi pepala. Anapita. Dokotala wa kumeneko anakondwa ngati watola ndalama, anaitana anzake onse kuti adzapatsidwe moni, ndipo pepala linabwela ndi chidindo. A Mwamba anakhalabe pa ntchito. Ahedi chifuwa chinabwelela mwakale, chosadetsa nkhawa. Koma anthu ndi anthu, ana anga. Mlungu womwewo makolo anasonkhelana mchele, wina kasipuni, wina kachibiliti, m'chaka chimene mchele unali ngati golide, mpaka chitini cha mkaka chinadzadza. Anakapeleka kwa aphunzitsi, ati Sisita wanena kuti akupelewela mchele. Ndinati ndikawakonze, koma nditaona chitinicho ndinazisiya choncho. Anthu aja anali kudya ndiwo zozizila kuti Mubemba wachilendo achile.

1989

A Sakala anasunga lonjezo. Kalata inabwela yonditumiza ku kiliniki ina kupitilila Nyimba, chakunsi ku chigwa, kumene basi inali nkhani yongomva. Ndinalila njila yonse, ndipo pa Nyimba ndinagula mkoko wa nthochi n'kudya theka ndi mkwiyo. Kumeneko kunali kotentha, nesi ndinali ndekha, mzamba ndine, wa mankhwala ndine, wokolopa ndine. Koma ndi kumene ndinaphunzila ntchito. Bukulo ndinapita nalo, njelwa ikugwila bwino ntchito yake mpaka lelo ngati filijiyo ikalipo.

Kuyambila pamenepo kololaidi ndinali kumuona paliponse. Ndikaika dilipi, ndi madzi a mchele womwewo. Asidi wa m'chifu amene amagaya chakudya, kololaidi alimo. Mwana akabwela akukomoka ndi malungo, jekeseni imene tinali kumubaya imathandiza timakomo ta kololaidi ta m'maselo a ubongo kutseguka, maselowo n'kukhazikika, kunjenjemela n'kuleka. Chaka china kolela itafika kuchigwako, ndinaona mbali inayo. Poizoni wa kolela amasiya timakomo ta kololaidi ta m'matumbo tili pululu, kololaidi amatuluka, madzi amamutsatila, munthu wamkulu n'kuuma tsiku limodzi. Kwa atate anu timakomo tinali kukana kutseguka, kwa odwala aja tinali kukana kutseka. Masiku amenewo palibe amene anathila paketi m'chibwabwa.

Patapita miyezi itatu, Loweluka lina masana, ndinaona njinga ikutsika phili, fumbi lili koboo. Anali a Mwamba. Miyendo imeneyo kuyamba ndiye vuto, koma ikatentha siimva mtunda. Kumbuyo anamangilila chitini chija cha mchele, chikali chodzadza. Ati anthu anapatsa iwo, koma amene analipila mlanduwo ndine, ndiye mchelewo ngwanga. Tsono inu weluzani, anayamba kufuna mnzake ndani?

Lelo

Atate anu anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinai, anapuma ali ahedi, ndipo belu pa sukulu yawo linali kulila iwo ataimilila kale. Ine ndinazungulila makiliniki asanu ndisanabwele kudzathela pa boma. A Sakala tinakumana pa malilo ena atakalamba kwambili. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sisita, buku lija." Ndinati, "Chiswe, bwana." Tinaseka, nkhani n'kuthela pomwepo.

Inu awili, ndi ana anu amene adzatengele, musalole munthu akutchuleni waulesi, chidakwa kapena wolodzedwa. Musadye mchele wambili, sudzatsegula timakomo, udzangokukwezelani magazi. Pitani ku chipatala, masiku ano mankhwala alipo kwa amene zawakulila. Ndipo musanapatse munthu moni, fumbatani kakhumi m'thumba.

Njila ya m'thumbayi ndinawaphunzitsa ndine atate anu, chaka chomwe chija cha mlandu. Anaigwila bwino. Ndakhala ndikuwaona zaka zonsezi, akamayandikila abusa, akuluakulu a maphunzilo, apongozi a ana athu, dzanja lili m'thumba likufumbata, moni n'kutha mwaulemu. Sanaphonyepo ndi kamodzi komwe. Koma tsiku lija anatsika pa njinga ndi chitini, anandipatsa dzanja lozizila, losakonzekela, tinaima pakhomo pa kiliniki mpaka odwala anayamba kutsokomola. Ndikabwela ku ulendo, chimodzimodzi. Mwezi watha, potuluka m'chipatala nditachitidwa opaleshoni ya diso, anandigwila pa geti mpaka wa takisi analiza huta. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, thumba lija mulibe lelo?"

"Ndaiwala, mukwai," anatelo.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akuiwala kwa munthu mmodzi yekha. Ine nane mbama ija sindinabwelezenso.